Mpando wa Paskale

Miyanda anali munthu waukhondo, ndipo ukhondowo ndi umene unamulakwitsa. Kwawo kunali ku Monze, koma boma linamutumiza kuchigwa cha Luangwa kukagwira ntchito yolimbitsa ziwalo za odwala pa kachipatala kena kufupi ndi Mfuwe. Atafika anapeza kuti m'midzi muli ana ambiri ochedwa kukula: wina wa zaka zitatu khosi likadali lendelende, wina wosatha kukhala pansi, wina wosayankhula. Ndiye anawayambitsira kiliniki yawoyawo ya Lachinayi pakhonde la kuseri kwa chipatalacho. Mkulu wake anali iye, mlembi iye, wosesa iye yemweyo.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali mipando. Mwana wosatha kukhala yekha akamadya chogona amatsamwa, phala n'kulowera m'chifuwa, mapeto ake chibayo. Choncho mwana aliyense wotere Miyanda ankamuyeza n'kumupangira kampando ka makatoni komugwira msana ndi mutu. Ankathandizana ndi a Zebron, bambo wina amene anapuma ntchito yoperekera zakudya ku loji ya alendo ya ku Nkwali. A Zebron ankatolera makatoniwo m'maloji, awiriwo n'kumawamata ndi phala la fulawa mpaka kampando kulimba ngati ka thabwa. Mpando umodzi unkawatengera masabata atatu, ndipo penti yobiriwira Miyanda ankapaka ndi dzanja lake, osalola wina.

Tsiku lina mu Juni, Delia, mayi ake a Paskale, anafika ndi mpando wa mwana wake atauika pa kaliyala ya njinga. Unali wosaoneka bwino. Mbali imodzi chiswe chinali chitadya, pa kathebulo kake kodyerapo phala linali litaumirapo mpaka katoni kufufuma, penti yonse itasupuka, ndipo fungo la mkodzo linkamveka munthu ali patali. Miyanda anangomva mutu kuwira. Anaunyamula m'mwamba kuti amayi onse khumi ndi mmodzi auone bwino.

"Onani! Masabata atatu ine na a Zebron tinavutika, manje onani zimene achita amake Paskale. Kodi uyu ni mpando kapena ni khola la nkhumba?"

Anamusambitsa chokweza Delia, ndipo pomaliza ananena kuti wina sapanga mpaka munthu ataphunzira kusamala zinthu. Delia anabereka mwana wake, n'kukankha njinga, ndipo Lachinayi lotsatira sanaoneke. Lotsatiranso chimodzimodzi. Miyanda ankadziwa bwino lomwe kuti Paskale sangameze phala atagona, ndipo zimenezi zinkamuluma mumtima, koma ankadzilimbitsa kuti mayiyo akatopa n'kunyada abwera yekha.

Mu Okutobala, dzuwa likuwotcha moti anthu ankayenda m'mawamawa basi, Miyanda anauza amayi onse kuti abweretse mipando aione, pakuti ana amakula. Inabweradi mipando khumi, n'kuindandalika pakhonde, yonse ili mbee ngati yachoka dzulo m'manja mwake. Mtima wa Miyanda unakhala pansi. Anayang'ana a Zebron monga wonena kuti mwaona, kukalipa kumathandiza. A Zebron sanamwetulire. Anali atawerama, akuchotsa ulusi wa kangaude pansi pa mpando wina.

Miyanda anatenga Natasha, mwana wa Racheal, kuti amukhazike pa mpando wake. Mwanayo anakuwa ngati amuika pamoto, ndipo chiuno chake chinakana kulowa. Anayesa mwana wachiwiri, mapewa anapitirira chotsamira. Wachitatu anauona mpando wake ngati chinthu chachilendo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Amake Natasha, uyu mwana amakhalapo pa uyu mpando?"

Racheal anayang'ana anzake, anzakewo n'kuyang'ana pansi. Kenako anati, "A Sisita, nikambe chabe zoona. Tinauika mu saka, n'kuumangirira kudenga. Pambuyo pa zija za amake Paskale, ndani angafune kuyaluka? Tonse tinachita chimodzimodzi."

Miyanda anayang'ananso mipando ija. Miyezi inayi yathunthu ana khumi ankadya chogona, mipando yawo ikulendewera kudenga, ndipo mpando wokhawo umene unagwiradi ntchito yake ndi uja iye anautcha khola la nkhumba. Anachita manyazi, ndipo pamwamba pa manyaziwo anachita mantha. Tsikulo anayezanso ana onse, osakweza mawu ngakhale pang'ono.

Loweruka masana anabwereka njinga yamoto ya pachipatala n'kulowera kumudzi kwa Delia. Anamupeza kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, akudyetsa mwana. Paskale anali atamukhazika m'beseni lochapira, atamutchinjiriza ndi zitenje mbali zonse, koma mutu unkagwabe chagada, ndipo akameza kawiri katatu ankatsokomola mpaka misozi.

"Mwaswera bwanji, amake Paskale?"

"Taswera."

Delia sanapereke mphasa, sanasiyenso kudyetsa. Miyanda anangonjuta pomwepo n'kufunsa za chifuwacho.

"Chinali chibayo," anatero Delia. "Mu Ogasiti. Tinagona naye teni deizi ku chipatala cha ku Jumbe."

"Ku Jumbe? Chipatala chathu chili pafupi apa?"

"Pa chipatala chanu pali khonde lanu."

Mawu amenewa anamulasa Miyanda. Mayi kukwera minibasi mtunda wonsewo, mwana akubanika kumsana, pongofuna kuti asadutse pamene iye amakhala! Anapepesa. Anafotokoza za mipando yakudenga ija, anavomera kuti analakwa, n'kupempha kuti amuyeze mwanayo pomwepo kuti Lolemba ayambe kumata wina. Delia anapukuta mwana kukamwa ndi nsonga ya chitenje, mosafulumira.

"Munanitukwana pa gulu, a Sisita. Manje mwabwera kupepesa kuno kuseri kwa nyumba, kumene zikumva ni nkhuku chabe? Mukamuyeze pa Chinayi. Ngati nizabwera."

Miyanda anabwerera tepi yake yoyezera ili m'thumba. Masiku asanu amenewo anali aatali. Anauza a Zebron kuti asankhiretu makatoni olimba, a Zebron n'kumufunsa kuti adule potengera muyeso uti, iye n'kuwauza kuti adikire Lachinayi.

Lachinayi amayi anafika nthawi yawo, naini awazi. Delia kunalibe. Anawongola ana manja ndi miyendo, anaimba, anaseweretsa zisekese za m'mabotolo, ndipo maso a Miyanda sankachoka pa njira yochokera kumsewu. Itakwana leveni amayi anayamba kumanga zitenje, akuti dzuwa lingawapsereze m'njira. Miyanda anaona kuti akadikirabe, gulu lija libalalika. Anawapempha kuti akhale kaye, kenako anagwada pa simenti, ndi yunifomu yake yoyera yosita bwino ija.

Chinyanja sichinali chiyankhulo chakwawo, chake chinali cha pantchito, chokwanira kulangizira odwala, osati kupepesera, koma anayesetsa. Anati mpando wa mwana uyenera kuda, uyenera kununkha, uyenera kutha, ndipo ukatha iye apanga wina popanda funso. Anati amake Paskale ndi amene anachita bwino, ndipo iye anawalakwira pamaso pa onse. Munthu wa boma, wa malipiro ake, kugwadira anthu a kumudzi, zimenezi amayiwo anali asanazionepo, moti ena anayang'ana kumbali pomuchitira manyazi.

Anali atangodzuka, akusasa fumbi m'maondo, pamene njinga inatulukira pakona ya chipatala. Delia anaitsamiritsa pakhoma n'kuima potero, mwana ali kumsana, thukuta lili kamukamu. Racheal anamuthamangira.

"Mwachedwa, anzanga! Agwada a Sisita, apepesa. Tonse taona."

"Ine sininaone," anatero Delia.

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Miyanda anamva nkhope kutentha, ndipo kunyada kuja kunamunong'oneza kuti zakwana, munthu sagwada kawiri pa mlandu umodzi. Koma Paskale anatsokomola kumsanako, chifuwa chakuya chokoka, ndipo Miyanda anagwadanso. Anabwereza zonse kuyambira pachiyambi, osadumpha ngakhale za khola la nkhumba zija. Delia anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno. Kenako anamasula chitenje.

"Nyamukani, mwana walema. Muyezeni."

Miyanda anamulandira Paskale n'kumugoneka pamiyendo pake. Anayeza msana, anayeza ntchafu, a Zebron akulemba pa chidutswa cha katoni. Ana ena onse anali atakula mpaka kusakwana m'mipando yawo, choncho atafika pachifuwa anayembekeza zomwezo. Anawerenga nambalayo, anamasula tepi, n'kuyezanso. Kenako anatsegula khadi la mwanayo kuti aone muyeso wakale.

"Nilembe zingati?" anafunsa a Zebron.

Chifuwa cha Paskale chinali chitachepa ndi masentimita awiri. Miyanda analira pomwepo, mwana ali m'manja. Delia anawerama, anayang'ana pamene chala cha Miyanda chinagwira tepi, n'kuwawerengera yekha a Zebron.