Matope a mu Thanki Yachitatu

Pa fakitale yopaka zinki pa malata, aliyense ankamutchula Mayi Madontho, chifukwa tsiku lonse ankakhalira kudontheza mankhwala m'timabotolo uku akuwerenga chamumtima. Ntchito yake inali kuyeza madzi otsukira malata asanawatayire mumtsinje. Madziwo ankatuluka ndi zinki wosungunuka. Akathiramo soda wowotcha pa mlingo wake, zinkiyo ankagwirana n'kusanduka matope oyera, n'kudikha pansi pa thanki. Madzi apamwamba ankapita kumtsinje, matope n'kumawakumba ndi mafosholo.

Manijala watsopano anali mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake. Matopewo ankadana nawo koopsa. Ankatseka mapaipi, ndipo kuwakumba kunkaimitsa ntchito tsiku lathunthu.

Lolemba lina mayiyu atabwerako kutchuthi, anapeza thanki yachitatu ili mbee, pansi pake pakuoneka ngati mbale yotsuka.

"Mwaona, alamu?" anatero manijala, atanyamula pepala ndi cholembera. "Inu kulibe, ife vuto tathana nalo. Tangowonjezera soda katatu, matope onse zii. Sainani apa titaye madziwa."

"Matopewo apita kuti, bwana?"

"Atha."

"Zinki alibe mapiko. Ngati sali pansi, ndiye kuti ali m'madzimo. Soda akachepa, zinki sadikha. Akakwanira, amadikha, m'madzi n'kutsala wochepa zedi. Koma mukapyoza mlingo, soda yemweyo amakasungunulanso matope aja. Madzi awa ayera m'maso mokha."

Manijala anaseka. "Mwayambatu zakusukulu. Akulu anu amanena kuti muli mwana munkatsutsana ndi wotchi yomwe."

"Wotchiyo inkachedwadi."

Mayiyo sanalandire cholembera. M'malo mwake anamupatsa botolo lagalasi. "Tungani nokha. Mudonthezenso nokha asidi uyu kuti soda achepe mphamvu, mungadzati ndalodza."

Antchito anayamba kusendera, ena magolovesi ali m'manja. Manijala anatunga, nayamba kudontheza monyinyirika. Madontho khumi, palibe chinachitika, ndipo anayang'ana antchito aja akumwetulira. Atapitirira makumi awiri, kamtambo koyera kanabadwa pakati pa botolo, kanasowa, kanabweranso. Posakhalitsa madzi onse anachita ngati mkaka wogona, zoyerazo n'kumatsikira pansi pang'onopang'ono.

Manijala anamukokera mayiyo pambali, natsitsa mawu.

"Mathanki onse adzaza. Tikapanda kutaya lero, makina aima, ndipo magalimoto ali pageti kudikira malata. Musandivule pamaso pa antchito. Ndife banja limodzi."

"Kunyumba ndinu alamu anga, madzi osamba m'manja ndidzakupatsirani chogwada. Pano dzina langa silikhala papepala labodza. Kumunsi kwa mtsinjewu anthu amathirira masamba, ng'ombe zimamwa."

"Ndikhoza kusaina ndekha."

"Sainani. Botolo ili ndilisunga. Oyendera a boma akadzabwera ndidzawaonetsa, ndipo ndidzanena amene anatunga."

Manijala anatembenuka, nkhope itachita thukuta, nakuwira bambo wachikulire woyang'anira mapampu. "Tsegulani mpopiwo!"

Bamboyo anayang'ana botolo lija, kenako anayang'ana dzanja lake ngati akuliona koyamba. "Pepani bwana, nyamakazi yangondigwira pompano. Zala zakana kupinda."

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaphulika kuseka. Manijala anapita yekha pampopi, anagwira chitsulo chotsegulira, anaima pamenepo kanthawi. Kenako anachisiya, nalowa mu ofesi, chitseko pha!

Makina anaima masiku awiri. Mayi Madontho anavala majombo ndi magalasi oteteza maso, nayamba kuthira asidi m'thankimo pang'onopang'ono, akuyeza akathira, akuyezanso. Ankadziwa kuti akapyoza mbali inayi, zinki asungunukanso, ndiye sanalole womuthamangitsa. Pofika Lachitatu masana, matope anali atadikha ofika m'mawondo, ndipo madzi apamwamba atawayeza anapezeka abwino. Apo anasaina, mpopi n'kutsegulidwa. Nyamakazi ya bambo uja inali itapola.

Tsiku lomwelo Mayi Madontho analandira kalata yomuchenjeza chifukwa cha mwano. Anaiwerenga ataimirira, anaipinda, naiika m'thumba la ovolosi, n'kukatenga fosholo kukathandiza anzake kukumba.

Akuweruka, foni inalira. Anali mkulu wake.

"Iwe, ukufuna kundithetsera banja? Munthu masiku awiri sakudya."

"Akulu, ndikanasaina, bwenzi inu mukukawaonera kundende. Kapena mukukandionera ineyo."

Mkulu wakeyo anapumira m'mwamba. "Lamlungu lino usabwere kaye. Akadali otupa."

"Chabwino. Nanenso mapewa akundiwawa, ndigona."

"Koma zoona anadontheza okha?"

"Okha. Pamaso pa anthu onse."

Kumbali inayo kunamveka kaphokoso ngati munthu akubisa kuseka m'nsalu, kenako foni inaduka. Mayi Madontho anakwera basi, matope oyera atamuumira m'zikhadabo.