Kunja N'kuseri kwa Msewu

Yendani kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Durban, mukhale m'mabwalo a kapinga ndi a fumbi omwe, simudzapeza wotchinga kumbuyo wolimba ngati Mfundo Phungwako wa pa Nsipe. Vuto lake linali limodzi: mnyamatayu akasewera, sipankachitika kanthu. Anzake amadziponya pansi, amathyola miyendo ya eni, amatuluka m'bwalo ali matope okhaokha anthu akuwaombera m'manja. Mfundo ankangoima pamene mpira ukufuna kudzera, ngati munthu wodikira basi pa siteji, mpirawo n'kumupeza. Wogoletsa aliyense wogwera m'manja mwake ankamalizira masewero pabenchi, kochi wake akumufunsa chimene wadya. Ndiye poti wailesi imatchula wotchinga kumbuyo pakachitika ngozi, dzina la Mfundo silinkamveka.

Kutimu yadziko ankamuitana ndithu, koma ntchito yake inali ya mwala wonolera. Sabata yonse ogoletsa athu ankanolera luso lawo pa iye, tsiku la masewero n'kumupatsa malo abwino pabenchi, pafupi ndi chidebe cha madzi. Jezi ya nambala 4 inali ya mnyamata wina wosewera ku Joni, amene kumenekonso ankakhala pabenchi, koma benchi yakunja, ya khushoni. Ameneyo ankabwera pa ndege, zomvera nyimbo zili m'makutu. Zaka zinkapita, maondo a Mfundo anayamba kulosera mvula. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kuimba nyimbo ya fuko ataima pamzere m'bwalo, kamodzi kokha, miyendo isanamukane.

Mulungu sapatsa munthu mavuto osamupatsako malume. Malume ake a Mfundo anali a Obed, mkulu wa geni ya mbatatesi, munthu woti akalankhula ku Nsipe, ku Bawi amatembenuka. A Obed anadzisankha okha kukhala ejenti, anavala suti, n'kukwera basi kukaonana ndi kochi wa timu yadziko ku kampu.

"Akochi, mwana wa mlongo wangayu analakwanji?"

"Palibe, bambo. Mwanayu ndi waulemu, wofatsa, samwa."

"Sindinabwere kudzamufunsira mbeta ayi. Ndikunena za mpira."

Kochi anaseka, n'kuvula kapu. "Mpira wa mayiko ndi wina, bambo. Umafuna munthu woti anapumako mpweya wakunja. Ndikaika mwana wa ligi yathu ino, tikagonja, atolankhani andisenda ngati chinangwa. Angodumpha malire, ine jezi ndimupatsa ndi manja awiri."

"Malire ake ati?"

"Malire ndi malire, bambo."

A Obed mawu amenewo anawasunga.

Anayamba ndi Joni, monga aliyense wa ku Ntcheu amayambira. Anaimba mafoni mpaka khutu kutentha, ndipo mkulu wina wogula osewera anavomera kudzaonera timu ya Mfundo. Tsiku limenelo Mfundo anasewera mpira wa moyo wake wonse, kutanthauza kuti masana onse sipanachitike kalikonse. Goloboyi wake anangotsamira pamtengo wa golo n'kumatafuna chingamu. Masewero atatha, mlendo uja anakoka a Obed pambali.

"Goloboyi uyu ndamukonda. Akuti chilekere mvula sanatolepo mpira muukonde."

"Nanga nambala 15 uja?"

"Analimo?"

Goloboyi anapita ku Joni. Zimene anakaona kumeneko opanda Mfundo patsogolo pake ndi nkhani ya maliro, tiisiye.

Choipa chinali chakuti bambo ake a Mfundo, a Yoramu Phungwako, anali atalengeza kale. A Yoramu anali mtchona wakale wa Theba, wa kumigodi ya ku Joni, ndipo pabawo pa Nsipe panalibe nkhani imene inkatha osadzera ku mgodi. Iwo anali atauza mpingo wonse, misa itangotha, kuti mwana akutsata mapazi a bambo wake. Anali atatulutsa thiranki yawo yachitsulo ndi chikhothi chimene chinkawafunditsa kumgodi wa ku Welkom, n'kuziyanika padzuwa poti aliyense wodutsa aone.

Nzeru inawapeza a Obed ali pa Lizulu, akukwezetsa matumba m'lole. Amene simunafikepo, pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino ya phula ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique. Nkhuku za pamenepo zimagona dziko lina, n'kukadya dziko lina, osafunsidwa pasipoti. Kutsidyako kunali a Silvester, mwini chigayo ndi malole, amene timu yawo inali itangolowa mu ligi ya chigawo. Bwalo lake linali kuseri kwa chigayocho.

"Amwene, timu yanga ikudontha ngati denga la udzu wakalekale," anadandaula a Silvester, m'Chichewa chomwe chino. "Kutsogolo timamwetsa, kumbuyo timamwa."

A Obed anaika thumba pansi. "Mukadapeza wa timu yadziko mukadatani?"

"Dziko lake liti?"

"Ilo, mukuliona apolo," anatero a Obed, akuloza mbali ya Malawi.

Zonse zinayenda mwa dongosolo, zidindo za mayiko awiri zinadindidwa. Timu yakale ya Mfundo inamumasula mosavuta, mpaka kumufunira mafuno abwino, poti nayonso sinkakumbukira chimene ankachita m'bwalo. Wovuta anali mwini wakeyo.

"Malume, pajatu ndi pamene amayi amagula tomato."

"Iwe, akochi anati chiyani? Malire ndi malire. Ukufuna jezi kapena ukufuna kukwera ndege?"

"Nanga abambo?"

"Alamu anga asiyire ine."

Kwa a Yoramu, a Obed ananena zoona zokhazokha, koma zosankha. "Kunja, alamu. Ndalama zina, mbendera ina, apolisi olankhula Chipwitikizi." A Yoramu anapha mbuzi. Amuna anavina ngoma, zishango zili m'manja, fumbi kobo, ndipo mayi ake a Mfundo, a Esnath, analira monga amalirira mayi amene mwana wake akupita kosadziwika. A Yoramu anamuveka mwana chikhothi chija dzuwa likuswa mtengo, n'kumulangiza pamaso pa anthu: tsotsi osamuyang'ana m'maso, nsapato uzigona nazo kumutu, mkazi wa kumeneko akakumwetulira uzikumbukira ubatizo wako.

M'mawa mwake anaumirira kuperekeza mpaka ku bwalo la ndege. Atatuwo anakwera minibasi yolowera ku Lilongwe, thiranki pamiyendo. Anadutsa pa Boma, anakwera zitunda, a Yoramu akufotokozera kondakitala mmene makutu amatsekekera ndege ikanyamuka. Pa Lizulu a Obed anagogoda denga.

"Titsike!"

"Kabichi mudzagula pobwerera, alamu, tingachedwe."

"Tsikani kaye."

Anadikira lole idutse, anaoloka msewu, anazungulira chigayo. Mbuzi ziwiri zinali kudya udzu pagolo. A Yoramu anayang'ana kumwamba, anayang'ana bwalo.

"Ndegeyo ikudzatera pano?"

"Tafika, alamu. Muli ku Mozambique."

A Yoramu anakhala pathiranki. Kuchokera pomwepo ankaona minibasi imene anatsika ija, ikadaitanira anthu kutsidya.

"Ine," anatero, "ndinasiya mkazi ali ndi pakati, ndinadzapeza mwana akuyenda. Ndiko kunja kumeneko. Mbuzi yanga yafera kuoloka msewu?"

Pabawo anasiya kupita. Chowonjezera manyazi, Mfundo ankabwera Lamulungu lililonse kudzapemphera pa Nsipe, monga mwana woleredwa bwino. Anthu ankamupatsa moni ndi manja awiri.

"Akunja, mwafika liti? Nyengo ili bwanji kumeneko?"

"Mvula yake ndi yomwe ino," ankayankha Mfundo, poti nthabwala sankazimva msanga.

Kutsidyako mpira wake unali womwe uja. Denga la a Silvester linasiya kudontha. Nthawi zina, zinthu zikathina, Mfundo ankauchotsa mwamphamvu, mpira n'kudumpha chigayo, kudumpha M1, kukagwera m'mabeseni a amayi ogulitsa kabichi ku Malawi, iwo n'kuubweza ndi matemberero. A Obed ankati palibe wosewera wina mu Africa amene mpira wake umafika kwawo iye asanafike.

Kenaka a Obed anaimbira mtolankhani mmodzi yekha, chifukwa mmodzi amakwana. Loweruka nyuzi inalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti Phungwako wasaina ku Mozambique. Palibe anafunsa kuti Mozambique wake uti. Akatswiri a pa wailesi, amene dzulo lake dzinali sakanatha kulitchula, anayamba kukangana za amene anamuona poyamba. Wina anati mnyamatayu wakhwima zedi chipitire kunja. Wina anati dziko lino limataya ana ake, amakaonedwa ndi alendo. Masewero aakulu a mayiko atayandikira, foni ya a Obed inalira. Anali mkulu woyendetsa timu yadziko.

"A ejenti, mnyamata wathu afika ndi ndege iti? Tikufuna tikamuchingamire."

A Obed sanatsokomole n'komwe. "Ya Lachiwiri masana. Tikiti musavutike, timu yake ndi yolemera."

Lachiwiri m'mawa anakwera minibasi pa Lizulu, anatsika ku Lilongwe, anakwera ina mpaka ku Lumbadzi. M'njira a Obed anamugulira zomvera nyimbo zikuluzikulu, za pamsika, zopanda waya wolumikiza kulikonse. Anamuimika pafupi ndi khomo lotulukira alendo, ndipo ndege ina itatera, anamukankhira m'chigulu cha anthu.

"Wina akakupatsa moni, uziti obrigado."

"Malume, limenelo ndi zikomo."

"Iwo akudziwa?"

Kochi anamukumbatira pamaso pa makamera. "Taonani mmene wasinthira! Ngakhale kayendedwe!" Kunena zoona kayendedwe kanali katasintha, chifukwa mwendo unachita dzanzi m'minibasi.

Loweruka, Mfundo Phungwako anaima pamzere m'bwalo, jezi ya nambala 4 ili pamsana, dzanja pachifuwa. Mnyamata wa ku Joni uja anali pafupi ndi chidebe cha madzi. Nyimbo ya fuko itayamba, Mfundo anatsegula pakamwa, mawu osatuluka, misozi yokha. A Obed, amene anali kumipando ya akuluakulu osaitanidwa ndi aliyense, anaimba mokwanira anthu awiri.

Alendowo anabwera ndi wogoletsa woopsa, wosewera ku Ulaya, amene chithunzi chake chili pa makalendala a m'mabarbashopu. Mfundo anachita zomwe wakhala akuchita chiyambire pa bwalo la pulaimale: anaima pamene mpira ukufuna kudzera. Sipanachitike kanthu. Ndime yachiwiri ili pakati, wa ku Ulaya uja anamutulutsa, kochi wake akumufunsa chimene wadya. Masewero anatha opanda chigoli, koma woulutsa mawu pa wailesi anatsala pang'ono kumeza maikolofoni.

"Phungwako! Phungwako kachiwiri! Amalawi anzanga, uwu ndiye mpira wakunja! Zoterezi mwana wa ligi yathu sangazichite!"

Pa Nsipe, a Yoramu anatuluka m'nyumba wailesi ili paphewa, n'kulunjika pabawo.

"Paja mumati chiyani? Mozambique ndi dziko lalikulu, anthu inu. Simunayende."

Sabata isanathe, timu ina yaikulu ya ku Blantyre inatumiza anthu kwa a Obed. Inkafuna kugula katswiri wakunjayo, kumupatsa nyumba ya magetsi ndi dokotala wa maondo. Mfundo anakondwa, chifukwa bwalo la kuseri kwa chigayo linali litamumaliza zigongono, ndipo malipiro a a Silvester nthawi zina ankabwera m'matumba a ufa. Lamulungu misa itatha, banja linakhala pakhonde kuti likambirane.

"Malume, ndasewera kamodzi kaja. Ndiloleni ndibwerere kumudzi."

"Ubwerere? Ukangooloka msewu uja ndi katundu, ndiwe wa ligi yathu ino. Chidebe chija wachisowa?"

Kamodzi kaja kanali katamukomera Mfundo, ndipo masewero achibwereza anali pafupi. Anayang'ana bambo ake, poganiza kuti munthu amene mbuzi yake inafera msewu amuthandiza.

A Yoramu anakonza kukhosi. "Alamu akunena zoona. Ife kumgodi tinkapirira. Ndiponso pali china chimene chikundinyansa. Iwe kubwerabwera kuno Lamulungu lililonse, anthu aziti chiyani? Unamuona kuti munthu wakunja wopemphera kwawo sabata ndi sabata?"

"Bambo, ndi pafupi."

"Pafupi n'pamene pakuonongera dzina. Wakunja amabwera pa Khirisimasi, atanyamula katundu, ana n'kumuthamangira. Tchalitchi kumeneko kulibe?"

"Bambo ake Mfundo, mwana ndi wanga uyu," anatero a Esnath.

"Muzimulembera kalata, mayi. Amayi anga ankatero."

Madzulo a tsiku lomwelo anamuperekeza pa siteji. A Yoramu anamuvekanso chikhothi chija, anamugwira mapewa, ndipo ulendo uno wolira anali iwo, misozi yeniyeni, ya bambo amene mwana wake akupita kutali. Minibasi itanyamuka anaibayibitsa mpaka inazimirira.

Lachitatu a Esnath anakagula tomato pa Lizulu. Anaima mbali ino ya phula, beseni pamutu, n'kukuwa kuti amve kuseri kwa chigayo. Mfundo anatuluka, anafika m'mphepete mwa msewu, anayang'ana uku ndi uku ngati pali wa ku Nsipe amene akuona.

"Amayi, kumudzi kuli bwanji?" anafunsa, ali tsidya lake.