Chitsulo Chogwirira cha Tasila

Gideon anali ataboola kale mabowo asanu, ndipo lililonse linangomulavulira fumbi loyera. Akauntanti wathunthu, munthu wa tayi, atagwada m'chimbudzi cha fulati yawo ku Silicon Oasis, kudziko la eni, thukuta lili kamukamu.

Mkazi wake Tasila ankatuluka m'chipatala 4 koloko masana omwewo, patatha milungu isanu chidwalireni sitiroko. Adokotala ananena mosapsatira kuti pambali pa mpando wa chimbudzi pakhale chitsulo chogwirira, cholimba, chifukwa akangogwa, zivuta.

Kwawo ku Mchinji khoma ndi njerwa, msomali umakhoma paliponse. Koma makoma akunowa! Kabolodi kopyapyala, kumbuyo mphako yokhayokha. Sikuluwu inkangolowa ngati mu nthochi yakupsa.

Anagogoda apa, kugogoda apo, khutu lili pakhoma. Paliponse pankamveka chimodzimodzi. Anayang'ana wotchi, kudzuka, kugwadanso. Mtima uli m'mwamba, anaimbira Jeff, mnzake wa ku Chipata, injiniya.

"Iwe, kuseri kwa bolodi kuli timizati tachitsulo," anatero Jeff. "Tenga maginito ya pafuliji uyendetse pakhoma. Pamene yamata, boola pamenepo. Yalla, fulumira, nthawi yatha!"

Anaiyendetsa pang'onopang'ono, kawiri, katatu. Kenaka inamata, gwa! Anapezanso kamzati kena, n'kumanga masikuluwu onse anayi. Anakhala pampandopo, kugwira chitsulo, kudzikoka ndi thupi lonse. Sichinagwedezeke. Anasesa fumbi mwachangu n'kuthamangira ku chipatala, akudzimva kuti ndi mmisiri.

Atafika naye kunyumba, sanamupatse ndi madzi omwe.

"Tiyeni mukaone kaye, mayi a Stellah."

Anamugwirizira mpaka m'chimbudzi, n'kumukhazika bwinobwino. Tasila anayang'ana chitsulocho nthawi yaitali. Chinali kumanja kwake. Dzanja lake lamanja linali gone pamwendo, zala zitapindika, monga linakhalira chiyambire tsiku lija.

Milungu isanu yonse Gideon ankalisisita dzanja limenelo, kulipaka mafuta, koma mumtima anali asanavomere kuti silikugwira ntchito. Manyazi ndi chisoni zinamugwira.

Tasila anayesa kufikira ndi lamanzere, modutsa pachifuwa. Zala zinaperewera pang'ono. Anayesanso, kenaka analeka.

"Mwalimbitsa bwino, bambo a Stellah," anatero, mawu akutuluka mokoka. "Koma mwamangira mkazi wanu wakale uja."