Nthochi za pa Sapitwa

Malizani anali ndi matenda amodzi: sankatha kudya yekha. Ngakhale chinangwa chachala chimodzi ankachibenthula pakati n'kuyang'ana womupatsa. M'munda wa tiyi ku Thyolo anzake ankamuseka kuti tsiku lina adzaitanira anthu ndi mankhwala omwe. Iye ankangoyankha kuti kwawo, kutsidya kwa Ruo kumene anachoka pothawa Apwitikizi, wodya yekha ndi mfiti.

M'nyengo yozizira ya 1926, mzungu wa pa esiteti, amene anthu anamutcha Mapazi chifukwa chokonda kuyendayenda, anaganiza zokwera phiri la Mulanje mpaka pa Sapitwa. Chimene anataya kumeneko palibe ankachidziwa. Kapitawo anasankha amtengatenga asanu ndi mmodzi, ndipo pakati pawo panali Malizani ndi mlamu wake Everson, mchimwene wa mkazi wake Marita. Everson anali atangodzuka pa malungo, koma kapitawo safunsa za m'thupi mwa munthu.

"Achimwenewa ndi okhawo amene ndinawoloka nawo Ruo," anatero Marita powaperekeza. "Mukupita nawo, mubwere nawo."

"Ndidzabwera nawo," anatero Malizani.

Atayenda masiku awiri anafika patsinde pa phiri, pomwe anakumana ndi wowatsogolera, a Kasimu, bambo wouma thupi amene anakalambira m'phirimo akucheka matabwa a mkungudza. Asanasenze katundu, a Kasimu anawaimika.

"Phirili lili ndi eni ake. Mukapeza chakudya panjira, idyani nokha, pakamwa potseka. Osaitana mnzanu. Osatengera wina m'thumba."

Onse anayang'ana Malizani n'kuphulika ndi phwete. A Kasimu okha sanaseke.

Tsiku loyamba anakwera mpaka pa kanyumba kamatabwa komwe mzungu anagona, iwo n'kupanikizana m'chisakasa chakuseri. Tsiku lachiwiri, akulowera ku kanyumba kachiwiri, Everson anaterereka powoloka mtsinje ndipo thumba la ufa linapita ndi madzi. Palibe anamudzudzula, koma iye anachita manyazi kwambiri. Kaphala kamene anatakasa ndi ufa wotsalira iye anakakana, ati m'mimba simunali bwino. Malizani ankadziwa kuti limenelo linali bodza, ndipo mtima unamupweteka kwambiri.

Tsiku lachitatu kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inkakwera kuchokera m'munsi ngati utsi wa nkhuni zaziwisi, ndipo mbalame sizinkamveka. A Kasimu anati adikire mawa. Mapazi analoza kumwamba ndi ndodo yake, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Aliyense aziona msana wa mnzake," anatero a Kasimu. "Wophonya njira kuno sabweranso."

Anakwera pakati pa miyala ikuluikulu, pena chokwawa, pena molowa m'mipata. Dzuwa liyenera kuti linali pamutu, koma panalibe wolidziwa kumene lili. Everson anali kutsogolo kwa Malizani, miyendo ikugwedera. Kenaka chingwe cha katundu wa Malizani chinamasuka. Anatula kuti amange, ndipo pamene ankaweramuka, msana wa mlamu wake unali utalowa m'nkhungu.

Fungo ndilo linayamba kumufika. Pathanthwe pambali pa njira panali phava la nthochi zakupsa, zowuma bwinobwino ngakhale mwala wonse unali wonyowa. Kumtunda kumeneko sikumera nthochi, ngakhale therere. Malizani anayang'ana uku ndi uku. Panalibe phazi la munthu, koma ankamva kunkhongo kuti pali womuyang'ana.

Mawu a Kasimu ankawakumbukira onse. Anathyola nthochi imodzi, anasenda, n'kuifikitsa pakamwa. Inakana kulowa. Mlamu wake anali asanalawe kanthu chidzulo chake, ndipo anali pompano, mwina mapazi makumi awiri okha. Munthu angameze bwanji? Kutengera m'thumba analetsa, kuitana analetsa, koma eni phiriwo ngati analidi anthu kale, njala ya mlamu sangaimvetse? Lilime linatsogola maganizo asanathe.

"Alamu, bwerani tidye."

"Ndikubwera, alamu," anayankha Everson m'nkhungumo.

Malizani anadikira ndi nthochi yosendayo m'manja. Anamva timiyala tikugubuduka kumanzere, kumene kunalibe njira.

"Kuno, alamu. Ndili kuno."

"Ndikubwera."

Ulendo uno mawuwo anachokera kumunsi, kutali. Ataitana kachitatu anamveka kumwamba, ofooka, koma osadandaula, ngati a munthu amene akutsiriza kusamba m'manja. Mantha anamugwira Malizani mpaka m'mafupa. Atacheuka, pathanthwe paja panalibe kanthu, ndipo m'manja mwake munatsala khoko lokha.

Amene anatulukira m'nkhungu anali a Kasimu. Anayang'ana khoko la nthochi m'manja mwa Malizani.

"M'nkhungu mawu amazungulira," anatero motsitsa. "Woitanidwa amatsata mawu, njira n'kuisiya. Kumanzereko ndi phompho."

Anamufunafuna Everson masiku awiri, Mapazi yemwe ali nawo, nkhope itatuwa. Anapeza nkhata ya Everson yokha, ili bwinobwino pamwala ngati kuti mwini wake anachita kuiika.

Anafika ku Thyolo dzuwa litapendeka, anthu akuweruka m'minda ya tiyi. Marita anawaonera patali amuna ake. Anayala mphasa, natenga madzi osamba m'manja, n'kuika mbale ziwiri za kalongonda. Kenaka anayang'ana kumbuyo kwa Malizani, kunjira, nthawi yaitali.

"Achimwene atsalira kwa kapitawo? Aitaneni mudye, chakudya chizizira."

Malizani anakhala pamphasa, maso ali pa mbale yachiwiri ija.

"Ndinawaitana kale," anatero. "Anati akubwera."