Nyumba Yogwada ya Taisiya

Mudzi wa Yarki anaumanga pamalo opusa, ndipo Taisiya ankanena zimenezi poyera. Kutsogolo mtsinje wa Tolsha, kumbuyo dambo lomeza hatchi mpaka makutu, pakati kamzere ka mchenga. Akuti makolo anabisala pamenepo pothawa olemba anthu usilikali. Kuthawa anathawadi, koma mtsinje sanauwerengere. Chaka chilichonse ayezi wa pamtsinjewo akamasweka, Tolsha amafika pokhota paja ndi ukali n'kuluma gombe. Anayamba ndi tchalitchi. Kenako anadya msewu wonse wakumunsi pamodzi ndi sukulu imene Taisiya anaphunziramo makalasi ake ochepa aja. Sitolo inapita mwana wake Rodion akuyamwa. Tsopano nyumba zotsala zinali zosakwana zala zam'manja, ndipo yoyang'anizana ndi phompho inali yake.

Mng'alu unaoneka kuseri kwa bafa nthawi yokumba mbatatesi. Mwamuna wake Prokhor analowetsamo ndodo, ndodo n'kumira yonse. Anagwirizana zoti dambo likauma gwa ndi chisanu aphwasule nyumbayo, zipika azikokere tsidya lina, kumtunda wa mapaini kumene anzawo anasamukira kalekale. Nyumba ya zipika imayenda, bola mwini akhale ndi changu. Prokhor anatema zizindikiro ndi nkhwangwa pachipika chilichonse kuti adzadziwe chokhala pamwamba pa chinzake. Atatero anayamba kutsokomola, n'kumati mawa, mawa. Anamwalira chisanu chikupita kumapeto, madenga atayamba kudontha masana.

Rodion anabwera kumaliro kuchokera ku tauni. Alendo atabalalika sanachedwe.

"Amayi, ndalankhula ndi Yefim. Thirakitala ibwera Lolemba."

"Idzatani?"

"Idzavine. Nyumbatu, Amayi!"

"Bambo ako akadali muno."

Analoza pazenera. Panali tambula ya madzi, ndi thawulo loyera pamsomali. Kwa masiku makumi anayi womwalira amabwerera kwawo, amasamba kumaso m'tambulamo n'kudzipukuta. Ku Yarki zimenezi ngakhale mphaka amazidziwa.

"Abwere apeze bwalo? Azizungulira m'dambomu ngati galu wotayika? Munthu ali moyo ankalephera kupeza masokosi ake omwe, ndiye lero akapeze nyumba tsidya lina?"

"Nanga mtsinje nawo uwerenga masikuwo?"

"Usandiphunzitse za mtsinje iwe. Madzi umawaonera pampopi."

Lolemba Yefim anafika ndi thirakitala yake ikukoka chileyi chachitsulo. Anali mphwake wa Prokhor, munthu wonenepa, wolankhula akutafuna. Anavula chipewa pakhomo, n'kudzilemba mtanda, koma kukhala pansi anakana.

"Azakhali Taya, dambotu silidziwa maliro. Pobwera ndaponda pamisondodzi paja, madzi akuda atuluka."

"Dikira milungu isanu."

"Milungu isanu ndidzabwera pabwato."

"Ndikupatsa mbuzi."

"Mbuziyo idzandivuulira thirakitala ikamira?"

"Ndi ya bere, chitsiru iwe. Ndiwonjezera injini ya boti ya malume ako."

Yefim anasiya kutafuna. Injini imeneyo ankaisirira kuyambira ali mnyamata.

"Imalirabe?"

"Kuposa mkazi wako."

Anakanganirana mpaka tiyi anazizira. Yefim anakanitsitsa zodikira, Taisiya anakanitsitsa zogwetsa, ndiye anakumana pakati. Khola, bafa, denga ndi zipika zonse zam'mwamba zipite sabata yomweyo. Zapansi, kulekezera pokhala tambula paja, zitsale pamodzi ndi khomo ndi ng'anjo yanjerwa yotenthetsa nyumba, kuti womwalira akafika azindikire kwawo. Masiku akakwana Yefim adzabwere m'mamawa, nthaka isanafewe, adzatenge zotsalazo.

"Ngati dambo lindilole," anatero Yefim.

"Injini ndikupatsa iwe, osati dambo."

Rodion anamenya khoma ndi chikhatho. "Zapansizo ndiye nyumba, Amayi! Mtengo wosawola umenewu mukaupezanso kuti? Mukusiya nyama n'kunyamula msuzi."

"Ndamva. Kwera padenga."

Anaphwasula. Ndere zouma zimene zinkatseka mipata ya zipika zinauluka mudzi wonse. Rodion anatsagana ndi katundu tsidya lina kuti akamuyang'anire, chifukwa kumeneko thabwa likagona panja limamera miyendo. Taisiya ankagona kwa Zinaida, mnansi wake wogontha, koma kukacha ankabwerera m'nyumba yake yopanda denga. Ankasesa chipale chofewa, kusintha madzi m'tambula, n'kukhala pafupi ndi ng'anjo atavala chikhoti cha malemu. Makoma ankamulekeza m'chifuwa. Odutsa ankangoona mutu wa mpango wakuda ukusuzumira ngati nkhuku ili m'dengu.

Kenako mphepo inatembenuka, inayamba kuchokera kumwera. Kunagwa mvula, mvula yeniyeni yofunda, pamwamba pa chipale. Taisiya anatuluka kukayang'ana dambo. Linali litachita mawanga akuda ngati mbatatesi yowola.

Yefim anayesa, zimenezo asamunamizire. Anabwera masiku asanakwane, poganiza kuti mwina mayiyo wasintha mtima, koma thirakitala inatitimira mpaka m'mimba pamisondodzi pomwe paja. Anaivuula movutikira n'kuibweza. Iye ndi Rodion anafika ku Yarki wapansi, atanyowa mpaka m'chiuno.

"Basi Azakhali, njira yatha. Injini ndibweza."

"Ndiitani ine injini? Ndiifunde?"

"Tingathe kugubuduza zipikazi ndi manja, tizichotse kuphomphoko," anatero Rodion. "Zikagone kuseri kwa Zinaida mpaka chisanu chamawa. Lero lomwe, Amayi."

"Kwatsala mawa ndi mkuja."

"Amayi!"

"Ndati mkuja. Wagontha ngati Zinaida?"

Anyamata atapita kukaumitsa zovala, Taisiya anaima pazenera lopanda galasi lija n'kuyamba kutsatsana ndi mwamuna wake, monga ankachitira naye pa chilichonse.

"Prosha, tamvera. Watsala ndi chiyani kuno? Fodya wako ndinakuikira m'bokosi. Ukanangonyamuka lero bwanji? Ndikakuyatsira kandulo yaikulu, osati timakandulo toonda tija. Ukandivutitsa, ngakhale kaphala ka pa tsiku lako lomaliza sindiphika."

Madzi m'tambula anangokhala phee. Prokhor ali moyo ankayankhanso choncho.

Mawa lake dzuwa lili pamutu mtsinje unaphulika ngati mfuti. Agalu anauwa, akhwangwala n'kubalalika. Ayezi anayamba kuyenda, zidutswa zazikulu ngati mabwalo zikukwerana, zikukukuta mano, zonse kulunjika pokhota paja. Nthaka inkanjenjemera kumapazi. Pomwe panali bafa panagumuka kaye, mwakachetechete, ngati buledi wonyowa. Mng'alu wina unatseguka pakati pa bwalo, kudutsa pansi pa khomo.

Rodion anathamanga ndi chitsulo chotukulira. Anapeza amayi ake ataima pakhomo, manja m'chiuno.

"Chokanipo!"

"Mawa."

"Mawa tidzakuikani inuyo! Ndiike makolo awiri chaka chimodzi?"

Anawakankha pang'ono, koma mayiyo anamugwira malaya. Pamenepo ng'anjo inalira, njerwa zinang'ambika kuyambira pansi mpaka pamwamba, phulusa n'kufuka. Taisiya anayang'ana ng'anjoyo. Anaberekera mwana wake pamwamba pake, pogona pofunda nthawi yachisanu. Anayang'ananso mwanayo, miyendo ili uku ndi uku pamng'alu, ndevu zitayamba kale imvi.

Anamusiya malaya. Anatenga tambula, n'kukolowola thawulo pamsomali.

"Tiye, mdala iwe," anatero kwa malemu mwamuna wake. "Zako zada. Gwira siketi yanga, usayang'ane kumbali." Ndiye anatembenukira anyamata aja. "Mukuyang'ana chiyani? Tukulani!"

Anatukula. Yefim, Rodion, ndi nkhalamba ziwiri za m'mudzimo zokoka chingwe. Chipika choyamba chinagubuduzika, chachiwiri, chachitatu. Pachinayi Yefim anakuwa, onse n'kulumphira kumbuyo. Bwalo linapendekeka pang'onopang'ono ngati munthu woledzera akufuna kukhala pansi. Ng'anjo inatsogola, makoma n'kutsatira. Phokoso silinali lalikulu. Atasuzumira anaona zipika zakuda zija zikutembenuzika pakati pa ayezi, zikulowera kumunsi kumene kunapita tchalitchi.

Zinaida, poti sanamve kanthu, anatuluka m'nyumba n'kufunsa ngati anthu adya.

Tsiku lomaliza analichitira kwa Zinaida komweko. Taisiya anaphika phala, anatsegula chitseko, anakupiza thawulo panja monga mwa mwambo wotsanzikira womwalira. Koma mtima sunakhale pansi. Khomo linali la eni. Kaya Prokhor anamutsatira, kaya anatsala pamalo pake n'kupita ndi ng'anjo, panalibe womuuza. Rodion sanamunene, ndipo kusanenako kunkamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Dambo litaphwerako anawoloka wapansi pamatabwa. Kumtunda wa mapaini nkhalango yapafupi inali itadulidwa kale ndi amene anasamuka moyambirira. Taisiya anazungulira khomo ndi khomo, anasinthanitsa makina osokera ndi zipika zingapo zaziwisi, anatukwanizana ndi theka la mudzi. Sizinakwane. Nyumba inaimabe chisanu chisanabwerere, denga lake lomwe lija, mazenera omwe aja, koma mazenerawo ali pafupi ndi nthaka moti nkhuku zinkasuzumira m'kati. Anthu anaitcha nyumba yogwada.

Tsiku lolowa, Rodion anagunda mutu pamtanda wa pakhomo, n'kutukwana.

"Werama," anatero Taisiya. "Nyumba ndi imeneyi. Ina uitenga kuti?"

Iye mwini anali wamfupi, mtandawo sunkamufika n'komwe. Koma ankati akamalowa, nayenso ankawerama.