Mawaya Omangidwa Bwino

Mkono wa loboti wolongedza mabotolo a mafuta odzola unali utayamba misala. M'malo moika botolo m'katoni, unkaliphonyetsa, lija pansi phwaa! Bwana wa fakitale sanafune zambiri: wolakwitsa ndi woyendetsa makinawo, ndipo sabata ikatha zili choncho aona msana wa njira.

Tsono woyendetsayo anali mlamu wake wa Namagetsi, mwamuna wa mng'ono wake. Namagetsi ndiye ankakonza makina onse pamalopo, ndipo sanali mayi woti chitsulo n'kumuopseza, ayi ndithu.

"Alamu, tapatukani, mwanditsekera kuwala ndi mimbayo," anatero Namagetsi akuyang'ana pa sikirini ya makinawo.

Ankaona manambala ochokera ku sensa, kachipangizo kouza loboti pamene mkono wafika. Mkono ukaima, manambala ali phee. Ukangoyenda, ankathetheka ngati chimanga m'chiwaya. Anaikapo sensa ina, koma zinali chimodzimodzi.

"Sensa ilibe mlandu. Ikunena zoona, koma uthenga ukusokonekera panjira."

Anagwada n'kuyamba kutsata waya wa sensayo ndi chala, chokwawa mpaka kuseri kwa makina. Kumeneko anaima. Mawaya onse anali atamangidwa mtolo umodzi ndi timalamba tapulasitiki, mwaudongo wogometsa. Kawaya ka sensa kanali katakumbatirana ndi chiwaya cha mota, ndipo mota ikakoka magetsi, mphamvuyo inkasokoneza kawayako.

Ntchito ya manja imeneyi anaidziwa nthawi yomweyo. Ndi angati amasita ndi masokosi omwe ngati mlamu wakeyu? Mtima unamuwawa, chifukwa ankafunitsitsa kupeza kuti bwana akunama.

"Alamu, wachita izi ndani?"

"Ndine! Anali balala, ochititsa manyazi. Akongola, eti?"

"Akongola zedi. Tandipatsirani pulayala."

Anadula timalamba tonse, n'kudutsitsa kawaya ka sensa njira yakeyake. Atayatsa, mkono unanyamula botolo n'kuliika m'katoni mwaulemu. Linanso. Linanso. Apo n'kuti bwana ataima kumbuyo kwawo, maso ali pa timalamba todukato.

"Anamanga ndani?"

Mlamu anayankha motsitsa mawu: "Ndine, bwana."

"Ndi iwowa, sindingawabisire," anatero Namagetsi mosaphethira. "Koma palibe anawauzapo kuti mawaya awiriwa sagonera limodzi. Mukawachotsa ntchito, wobwerayo adzaonanso mawaya ali balala, adzamanga. Awa okha ndi amene sangadzayerekezenso."

Bwana anayang'ana katoni ikudzaza, anakanda m'mutu, n'kunena kuti munthuyo apitirize ntchito, koma magalasi onse a mabotolo osweka pansipo asese yekha.

Bwana atachoka, mlamu anapuma mpweya wautali. Kenako maso ake anabwerera ku mawaya aja, ali lendelende, ndipo nkhope inakwinyika ngati akumva dzino.

"Alamu," ananong'ona, "zoona tiwasiye chonchi?"

"Mukangowakhudza," anatero Namagetsi akutseka bokosi la zida, "wokuchotsani ntchito ndikhala ine."