Bornwell Akapanda Kusaina

Lazarous anamwalira atalemba buku lathunthu m'makope asanu ndi limodzi a ana asukulu, koma pamaliro palibe m'bale wake anafunsako za makopewo. Anafunsa za filiji, za wailesi, mpaka nsapato. Anthu opanda manyazi! Makope anamusiyira Nsama, mkazi wake, poti ankati ndi zinyalala.

Nsama anawamanga pachitenje n'kuzungulira nawo tauni miyezi inayi. Osindikiza akuluakulu ankati amafuna mabuku asukulu okhaokha. Ena ankati, "Olemba ni bandani? Sitibaziba." Ngati kuti munthu amabadwa ali wodziwika kale! Mapeto ake anapeza Ida, mayi wa kaofesi kakang'ono ku Chilenje. Ameneyo anawerenga kope limodzi, anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo anatayipa onse yekha.

"Nizasindikiza," anatero Ida, "koma olemba banamwalira. Afunika kusaina ni administreta."

Administretayo anali Bornwell, mkulu wake wa Lazarous, amene abale anamusankha kuti ayang'anire katundu wa malemu. Ndi yemweyo anakweza filiji pawilibala. Chaka chathunthu Nsama anali asanamulankhule. Tsopano buku la mwamuna wake linali m'manja mwa munthu ameneyo.

Loweruka m'mawa anapita ku Kanyama, anamupeza akusoka nsapato pakhomo.

"Ba mulamu, sainani apa."

"Olo moni, mulamu?"

"Moni munanyamula pamodzi na filiji. Sainani."

Bornwell anaika singano pansi. "Namvela ati nilimo mu buku. Ati ananilemba kuti ndine chakolwa. Chosani vamene ivo, nisaine."

"Sinichosa olo kamau kamodzi. Kodi bananama?"

"Ninshi sinisaina."

Nsama anapsa mtima. Anakhala pakreti, anamasula chitenje cha makope, anafufuza mutu wonena za Bornwell. Mutuwo anali atangowerengako poyambira, chifukwa sukulu anasiyira giredi sikisi ndipo kuwerenga kumamutengera nthawi. Koma poyambirapo pankakwana kumuchititsa munthu manyazi. Anayamba mokweza, chala chili pamzere, kuti ndi azimayi amene ankatunga madzi pampopi wapafupi amve.

Anamvadi. Anamva kuti Bornwell amaimba ngati chitseko cha chimbudzi. Anamva kuti tsiku la ukwati wa mng'ono wake anagwera mungalande atavala suti. Azimayi anasiya zigubu zikusefukira, akuseka. Nsama anatembenuza tsamba mwamatama.

Tsamba linalo linkanena za chaka chimene bambo awo anamwalira. Bornwell, ali ndi zaka khumi ndi zinayi, anasiya sukulu kuti Lazarous apitirize. Madzi akadzaza m'komboni, m'mawa uliwonse ankamubereka kumsana mpaka kumsewu waukulu kuti yunifolomu isanyowe, iye n'kubwerera kukagwira ganyu.

"Zilembo zonse ndikulembazi ndi za Bornwell," Nsama anawerenga, mawu akutsika okha. "Ine ndinangomusungira."

Analeka. Azimayi anabwerera ku zigubu zawo. Mkwiyo unamugwiranso, koma tsopano unali wokwiyira Lazarous. Zaka makumi awiri pabedi limodzi, osamuuzako zimenezi!

"Waboza uja," anatero Bornwell, akuyang'ana nsapato imene inali pamwendo. "Siinali suti. Inali chabe jekete ya batate." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Elo anali kulema monga saka ya malasha, kamambala."

"Manje nichose?"

"Muchose chani? Leta bopeni."

Nsama anamupatsa. Panalibe tebulo, ndiye anayala pepala la Ida pamwamba pa makope, pabondo pake, n'kuligwira m'mbali kuti mphepo isaliulutse. Bornwell anawerama. Ankalemba chilembo chimodzichimodzi, lilime lili panja, ngati mwana wa giredi thuu. Atafika pakati pa dzina anaima.

"Osathamanga, ba mulamu," anatero Nsama. "Nagwira."